Kwawo kwa Alamu Anga N'kuti?

Dandaulo loyamba ndinakapereka ndekha ku ofesi ya ku Nathenje nyengo yosoka fodya, chaka chotsatira referendamu. Lachiwiri ndinatumiza papositi mvula itayamba. Makope onse ndili nawo. Yankho palibe.

Nkhani ndi ya alamu anga, mkazi wa malemu mng'ono wanga. Mng'ono wangayo ankagwira ntchito yophika padoko lina ku Mozambiki, ndipo anakwatira m'mudzi wa asodzi m'mbali mwa nyanja yamchere. Nkhondo itakula, maboti a mfuti anatulukira m'mawa wina n'kuwombera mudziwo, amayi akuyanika nsomba. Boma la kumeneko pobwezera linati asodzi ndiwo ankalondolera adani. Linatentha mabwato otsala n'kusamutsa anthu onse. Mng'ono wanga ndi alamuwo anathawira kuno ku Mitundu ndi mwana kumbuyo.

Poyamba alamu sankapita kuchigayo. Tinkayesa ulesi. Tsiku lina ndinawaperekeza, ndipo injini itangolira anaponya thumba pansi n'kugona m'ngalande.

"Alamu, dzukani, anthu akuona! N'chigayo chabe ichi."

"Chigayo chanucho chikulira ngati boti," anatero akusasa fumbi. "Inu achimwene madzi mumawadziwira m'chitsime."

Mng'ono wanga atamwalira tinameta, ndipo inakwana nthawi yosudzula wamasiye kuti abwerere kwa abale ake. Akuluakulu a banja tinakhala pansi, koma panalibe woti tim'patse mkaziyo. Sitinawasudzule. Tinawagawira munda wakudambo, ndipo mpiru umene ndimadya ndi wa m'dimba lawo.

Tsono nkhondo itatha kunabwera mnyamata wa tayi, wolemba othawa nkhondo oti akwere malole. Anati, "Bambo, kuli mtendere tsopano, mayiwa abwerere kwawo."

Ndinati, "Kwawo kuti, mwana wanga? Kumene anawombera a m'maboti, kapena kumene linatentha boma?"

Anaseka, koma dzina la alamu analilemba ndithu.

Kale sindikanatsegula pakamwa. Munthu wofunsa boma sankagona kunyumba kwake. Atiuza kuti masiku ano kufunsa n'kololedwa, koma zoyankha sanatiuze. Malole anyamuka kale ndi anthu a midzi yoyandikana nafe. Alamu amanga katundu wawo m'chitenje, ndipo akamva galimoto pamsewu amasiya khasu.

Choncho ine, mwinimbumba wa banja lino, ndikupempha mwaulemu akuluakulu a ofesi yoona za othawa nkhondo kuti andiyankhe mwa kalata: dzina la alamu anga lifafanizidwe pa mndandanda wa okwera malole, kapena mutchule mudzi umene mukuwapititsako ndi munthu amene akawalandire.