Mfuti za a Pampu

Dzina lawo lenileni linatsalira pa chitupa. Msewu wonse umawatchula a Pampu. Atha zaka makumi awiri akumata matayala pakhonde la malata lomwelo, ndi beseni la madzi akuda lofufuzira pobooka, ndi pampu yolira ngati mbuzi yodwala chifuwa. Sanakwatirepo. Eni ake ankati ntchito yachuluka, koma zoona zake n'zakuti akaona mkazi, pakamwa pankauma.

Zaka zija kuphana ndi mfuti kunachuluka m'dziko, wailesi ikuwerenga ophedwa chigawo ndi chigawo, tayala likangophulika msewu wonse unkagona chafufumimba. Wometa ankalowa kuseri kwa chitseko, kusiya munthu mutu uli theka.

Tsiku lina chubu chitaphulika, a Pampu anawoloka msewu kukapepesa kwa telala, mayi wamasiye amene a Pampu ankangomuyang'ana mobera. Anamupeza pansi pa tebulo la makina.

"Pepani mayi, ndi tayala chabe," anatero, namugwira dzanja kumudzutsa. Dzanjalo linali lofunda, ndipo a Pampu anabwerera kukhonde kwawo mtima uli m'malere.

Kuyambira pamenepo machubu awo anaphunzira kuphulika Lachiwiri ndi Lachisanu. Bambo wamkulu ndi imvi zake, kusankha chubu chakutha, kuchipopa dala, kenako liwiro kukadzutsa telala. Mawu anali omwewo, osawonjezera ngakhale limodzi.

Ndiye zinthu zinayamba kusintha. Wailesi inati ophedwa ndi mfuti achepa, chaka chotsatira inati achepanso. Dziko lonse linapumira m'mwamba kupatula a Pampu. Wometa anasiya kuthawa. Chubu chikaphulika ankangotukwana uku lumo likuyenda. A Pampu anada nkhawa zenizeni: telala akadzasiyanso kuopa, m'shopu muja adzalowa ndi chifukwa chanji?

Lachisanu lina anaphulitsa chubu cha lole, mpaka malata anagwedezeka. Atafika kutsidya anapeza telala ali pampando, akulowetsa ulusi m'singano.

"Lero simunaope, mayi?"

"Bambo a ana anga anawaombera ndili nawo limodzi pakhomo," anayankha telala osadzutsa mutu. "Kulira kwa mfuti ndimakudziwa. Sikufanana ndi tayala."

 Manyazi anawagwira a Pampu, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona kuipa kwa masewera awo aja.

"Ndakulakwirani kwambiri. Koma nanga... pansi pa tebulo paja?"

"Maondo anga atopa, bambo. Zaka ziwiri ndikugwada pasimenti, kudikira kuti mwina lero munena china." Telala anachotsa nsalu za makasitomala pa benchi. "Khalani apa, munene chimene mumabwerera. Ndili ndi diresi la ukwati wa eni ake loti ndimalize."

A Pampu anapukuta manja pa ovolosi, navula chipewa, nakhala.