Matumba a Mawere M'chipinda cha Mzime

Dzina lakuti a Pikulani sanabadwe nalo. Analitola kumsika, chifukwa akaona munthu akugula kanthu ka m'manja ankamuyandikira n'kumunong'oneza ngati akumuuza za maliro: "Pikulani, achimwene, pikulani. Zogula pang'onopang'onozi n'zimene zimasaukitsa anthu." Moyo wawo wonse anali dalaivala wa lole, ndipo maso awo anazolowera katundu wofika kudenga. Thumba limodzi lokha linkawamvetsa chisoni ngati mwana wosochera.

Atapuma pantchito anayesa kuweta nkhuku, koma zinatha ndi chitopa. Anayesa kungokhala pakhonde, miyendo n'kumawayabwa. Tsiku lina mnzawo wowotcherera zitsulo anawalawitsa mowa wofulula yekha, ndipo a Pikulani anabwerera kunyumba ali ndi ntchito yatsopano m'mutu. Sunali mowa wa malonda ayi, unali wongomwa ndi anzawo Loweruka masana kuseri kwa nyumba. Eni akewo kapu imodzi inkawakwanira. Chimene ankakonda kwenikweni chinali kufululako: kuviika mawere, kuwafunditsa chiguduli mpaka atamera, kuyanika chimeracho, kukagayitsa, kenako n'kuima pamgolo ndi mthiko nkhope ili gwa ngati dokotala.

Vuto linali pogula. Nyengo yokolola ikafika ankalawirira kumsika, kulowetsa mkono m'thumba mpaka m'chigongono, kutapa mawere a pansi, kuwanunkhiza, kuwaluma. Akathetheka padzino ndiye kuti auma bwino. Akakhutira ankagula ngati akufululira tauni yonse, n'kufika kunyumba atakhala pamwamba pa katundu m'galimoto ya hayala.

Mwana wawo wamkazi, mzime wa pakhomopo, anali atangokwatiwa kumene, choncho chipinda chake n'chimene chinalandira alendowo. Bedi analiimika kukhoma, pansi anayala matabwa pa njerwa, n'kusanja matumba a mawere ndi mapira motalikirana ndi khoma kuti mpweya uzidutsa. M'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, ankalowamo kukasisita matumbawo, kufufuza anankafumbwe ndi zitosi za makoswe.

Akazi awo, amene ankasoka mayunifolomu a sukulu pabalaza, anapirira kwa kanthawi, kenako anayankhula.

"Ine simundifunsa kuti ndadzuka bwanji, koma matumbawo mumawalonjera limodzilimodzi."

"Inu simufumbwa, mayi," anayankha a Pikulani.

Mayiwo anaseka osafuna. Ankadziwa zimene amuna awo sakanatha kunena. Chichokereni mwanayo, bambowo ankadutsa pachitseko chija mofulumira, maso ali kumbali. Chibwerereni matumba, ankachitsegula tsiku ndi tsiku akuimba mluzu.

Zinthu zinasintha ndi foni imodzi. Mkamwini wawo anatumizidwa ndi akuntchito kukaphunzira kutali, ndipo mzime uja, yemwe tsopano anali ndi khanda, anapempha kudzakhala kwa makolo ake mpaka mwamuna wake atabwerako.

"Khandatu silitenga malo ambiri," a Pikulani anayesa kunyengerera. "Titangosunthako matumba a pakonawa..."

"Mukufuna mdzukulu wanu aphunzire kuyetsemula asanaphunzire kuseka?" anafunsa akazi awo.

Tsiku lomwelo a Pikulani anaitana wowotcherera uja, ndipo awiriwo, akubuula ndi misana, anatuta matumba onse n'kukawaunjika m'khola lakale la nkhuku. Denga la kholalo linali la malata obowoka, koma a Pikulani anafunditsa katunduyo lona wa lole yawo yakale. "Ameneyu wadutsa mvula za m'mayiko," anatero akumumenya ndi chikhato. Zoona anadutsadi, ndipo mvulazo zinasiyamo zizindikiro.

Khanda litafika, a Pikulani anaiwala kuti ali ndi matumba. Ankazungulira nalo nyumba yonse akuliimbira kulira kwa injini pokwera chitunda, n'kumasintha magiya ndi pakamwa. Kunja mvula inayamba, n'kumagwa mosalekeza, iwo osalabadira.

Amene anatulukira nkhaniyo ndi mwana wawoyo. Akuyanika matewera kuseri anamva kafungo kotsekemera kochokera kukhola, ndipo atasuzumira anaona timizu toyera tatulukira m'matumba.

"Bambo," anatero polowa, akudziletsa kuseka, "matumba anu aja amera ndevu."

A Pikulani anakavundukula lona. Matumba a pansi anali atachita chuku, ongoyenera kutaya. A pamwamba onse anali atamera nthawi imodzi, chimera choti munthu akanafulula mpaka ukalamba. Anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa. Wowotcherera atabwera kudzaona anafuna kuwapepesa, koma anangogwira mtengo mapewa akugwedezeka ndi phwete.

Chimera chikapanda kuyanikidwa msanga chimaola, ndipo kunja kunalibe dzuwa. Motero chinalowa m'nyumba. Anachiyala pamphasa m'khonde, pabalaza, pansi pa tebulo lodyera, ngakhale pamwamba pa kabati. Anthu ankayenda chonyang'ama motsatira makoma. Mlendo akabwera ankamulonjera pawindo. Mayi aja anapeza mawere m'kabokosi ka singano, m'nsapato za kutchalitchi ndi m'matumba a mayunifolomu a ana a eni, koma ataona amuna awo atagwada akutembenuza chimera ndi manja, nkhope itagwa, anangopita pamakina awo osokera. Anatola zotsalira za nsalu n'kusoka timatumba. Chimera chitauma anachipimira m'timatumbamo n'kugawira aliyense wa mumsewumo wodziwa kufulula.

Chaka chimenecho benchi la anzawo a Loweruka linachepa, anthu n'kumabwera ndi mipando yawo. Ena ankabweretsa mowa wawo wa chimera chomwecho kuti a Pikulani alawe, ndipo iwo uliwonse ankaupezera chifukwa.

Mkamwini atabwerako anatenga banja lake. A Pikulani anafolera kholalo malata atsopano, ndipo wowotcherera anawakonzera migolo yachitsulo ya zivindikiro zothina, mmene mumakhala mawere awo mpaka lero. Kugula mochuluka sanasiye. Mdzukuluyo akabwera kudzacheza, amamutengera kukholako n'kumupatsa supuni kuti azimenya migoloyo. Iwo amalimbikira kunena kuti mwanayo amasiyanitsa kale mgolo wodzaza ndi wopanda kanthu pongomva kulira kwake. Mayi ake a mwanayo amati amangokonda phokoso.