Kalongonda wa Eluby

Inu amene mukuona ngati dzina lanu laipiratu, tamvani za Eluby wa ku Malemia.

Kwa milungu itatu, mabenchi a m'kalesitilanti kake mu tauni ya Zomba ankangokhala okha. Poyamba ankadzaza ndi anthu a m'maofesi olakalaka za kumudzi: nkhwani wotendera, mpunga wa ku Domasi, makamaka kalongonda. Koma kalongonda safuna phuma. Amawira tsiku lonse, madzi n'kumatayidwa kambirimbiri, apo ayi amadwalitsa. Lachisanu lina anthu atachuluka, Eluby anaphula msanga. Atatu anasanza, ndipo a Twahir, telala wapafupi, anagonekedwa m'chipatala.

Mantha anamugwira Eluby. Aliyense wodutsa ankaoneka ngati akumuloza chala. Mwini nyumba naye anayamba kunena kuti pali wina akufuna malowo.

Eluby anakwera minibasi kupita kwa azakhali ake, a Maness, amene anamuphunzitsa kuphika.

"Azakhali, kalongondayu ndingomusiya."

"Ukamusiya, udzakhala mayi uja anadwalitsa anthu mpaka kale. Madzi unataya kangati?"

"Katatu."

"Katatu? Ndiye umadabwa chiyani? Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanawe."

Atabwerera, anatulutsa mbaula panja, pakhomo penipeni. Ankawiritsa kalongonda anthu akuona, kutaya madzi anthu akuona, ndipo mbale yoyamba ankadya yekha pomwepo. Ena ankaseka. Ena ankaima kudikira kuti aone ngati agwe. Masiku asanu ndi atatu anatha popanda wolowa.

Tsiku lachisanu ndi chinayi a Twahir anaima pafupi ndi mbaula, n'kuyang'ana kwa nthawi yaitali.

"Mayi, ndaona mmene mukuphikira. Ndipatseni mbale imodzi."

Eluby anawagawira. Akadwalanso bambowa, basi kwatha. Masana onse mtima unali m'mwamba, maso ali kushopu ya telala, khutu lili pa kulira kwa makina osokera. Akangosiya kulira pang'ono, iye thukuta kamukamu.

M'mawa mwake a Twahir anabweranso, ali bwinobwino, atatenga anzawo awiri.

Lero Eluby amaphika miphika itatu, ndipo wobwera kalongonda asanapse amauzidwa kuti adikire, kaya ndi bwana.

Mwina inunso munalakwitsa anthu akuona. Musathawe pamalopo. Konzani pomwepo, anthu omwewo akuona. Osataya mtima.