Marlies Anakana Kuwoloka Ngalande

Kwathu kuno ku Brabant khola ndi nyumba zimakhala pabwalo limodzi. Ukatuluka kukhitchini, usanamalize kutafuna buledi umakhala utafika kale pa nkhumba. Marlies Verkuijlen anakulira pabwalo lotero, mwana wachiwiri wa a Driek ndi a Nel. Anadziwa kugwira kamwana ka nkhumba mwendo wakumbuyo asanadziwe kumanga zingwe za nsapato.

Chaka chimene chigodola cha nkhumba chinalowa m'dera lathu, iye anali kusukulu ya udokotala wa ziweto. Pobwera kumudzi anapeza msewu wotsekedwa. Anthu a maovolosi oyera anapha khola lonse, zodwala ndi zabwinobwino zomwe, galimoto n'kumazinyamula ndi chimkono chachitsulo ngati matumba a feteleza. Zitatha, a Driek ankadzukabe m'mamawa, kuvala jombo, n'kukaima m'khola lopanda kanthu. Marlies ankawaonera pazenera. Atabwerera kusukulu anakauza aphunzitsi ake kuti za agalu ndi amphaka a m'tauni aphunzitse ena, iye akufuna kulimbana ndi kachilombo kameneka.

Kuyambira pamenepo amagwira ntchito kumpoto, m'nyumba yomwe ngakhale mpweya sutuluka usanasefedwe. Amabaya nkhumba katemera woyesera, kenako amazipatsa kachilomboko dala, n'kumadikira. Amazitenga magazi, amaziyeza kutentha, zikafa amazing'amba kuti aone kapamba. Zaka zina katemera amaoneka ngati wagwira, mwadzidzidzi makutu a nkhumba n'kuyamba kuda, ntchito yonse n'kubwerera poyambira. Anzake ambiri anatopa, anapita ku ntchito zofewa. Iye adakali pomwepo.

Poweruka amavula zonse, za mkati zomwe. Amasamba kuyambira kumutu, amamina, amatsuka m'zikhadabo, magalasi a m'maso amawaviika m'mankhwala. Ndiye pali lamulo: ukagwira kachilomboko, masiku atatu usaponde pamalo pamene pali nkhumba. Kwa anzake obadwira m'tauni lamuloli ndi lopepuka. Kwa Marlies limatseka pakhomo pa makolo ake. Khirisimasi, ubatizo wa ana a mlongo wake Sjef, amene anatenga khola la bambo awo, zonsezi amayamba wasiya ntchito n'kudikira kaye.

Sjef ankamuseka akamafika. "Adokotala a nkhumba aja abwera! Bisani nkhumba, angakomoke!"

"Musadandaule achimwene," iye ankayankha. "Fungo lanulo palibe kachilombo kangayandikire."

A Driek atadwala mapapo anakana chipatala. Bedi lawo analiika pabalaza, pazenera loyang'ana kumsewu, monga timachitira kuno. Dokotala anati adakali ndi miyezi, choncho Marlies anakonza zodzatenga tchuthi chimanga chikadulidwa. Koma tsiku lina masana, atangoweruka, tsitsi lisanaume, foni inalira. Anali Sjef.

"Bwera lero. Bambo asinthika."

M'mawa womwewo manja a Marlies anali m'mimba mwa nkhumba yofa ndi chigodola.

Anayendetsa galimoto osaima. Atafika sanakhotere pakamlatho kolowera pabwalo. Anaimika mbali ya kumunda wa chimanga, n'kukaima m'mphepete mwa ngalande imene imalekanitsa msewu ndi nyumba. Sjef anatuluka ali m'jombo.

"Ukudikira bandi idzakulandire? Lowa."

"Sindingalowe, achimwene. M'mawawu ndinali mkati, momwe muli kachilombo."

"Si unasamba?"

"Ndinasamba."

"Nanga chavuta n'chiyani? Ukuona wapolisi pano? Adziwa ndani?"

"Ine ndikagwira bambo, inu mukagwira bambo, madzulo mukukadyetsa nkhumba zoyamwitsa. Kachilomboka sikadikira wapolisi."

"Unanena wekha kuti ukasamba ngoziyo imakhala yochepa."

"Yochepa, inde. Sindinanene kuti palibe."

"Nkhumbazo ndi zanga, iwe! Zikafa, zafa zanga!"

"Ndi za anansiwa, a Swinkels, ndi za a Kuijpers, mpaka kumtsinje uko. Munawafunsa amenewo?"

Sjef analavulira m'ngalande n'kulowa m'nyumba. Posakhalitsa a Nel anakoka katani, n'kuchotsa miphika ya maluwa pazenera. Sjef anakweza kumutu kwa bedi. Nkhope ya a Driek inaoneka, yaing'ono, ngati yobwereka. Foni ya Marlies inaliranso.

"Mwana iwe, wanenepa kapena ndi jekete?"

"Ndi jekete, bambo."

"Lowa, khofi akuzizira." Anapuma kanthawi, mpweya ukulira ngati chitseko chakale. "Lowa udzandigwire dzanja. Nkhumba amagula zina."

Marlies anagwira mtengo wa mpanda. Kamlatho kanali pomwepo. Akanangoti phazi, phazi, bwenzi ali pabalaza, ndipo palibe munthu m'mudzi muno akanamudzudzula. Anaona dzanja la bambo ake likunyamuka pabulangete n'kugweranso.

"Ayi, bambo. Ndikukuonani bwinobwino pompano. Ndidikireni, mtondo ndilowa."

"Mtondo!" A Driek anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. "Nel, wamva? Akundipatsa ine tsiku. Mutu uwu anatengera kwanu."

"Kwanu komweko," mawu a a Nel anamveka chapatali.

Marlies anakagona kunyumba ya alendo m'tauni. M'mawa mwake anabwera ndi mpando wopinda ndi ambulera, chifukwa kunali mvula yowaza. Anthu odutsa panjinga ankachepetsa liwiro. Ena ankamupatsa moni, ena ankayang'ana chimanga ngati sanachionepo. Iye ndi bambo ake ankacheza pafoni akuyang'anana. Anakumbutsana za nkhumba yamphongo ija inathamangitsa wansembe mpaka anakwera pa thirakitala.

"Katemera wako uja ali pati?" a Driek anafunsa.

"Sanapezeke."

"Zaka zonsezi? Ine ndikanakuchotsa ntchito."

"Adzapezeka, bambo."

Akatopa, foni inkagona pachifuwa pawo, Marlies n'kumangomvetsera kupuma.

Masana a Nel anatuluka ndi mbale ya supu. Anaiika pakati pa kamlatho n'kubwerera m'mbuyo, manja ali m'thumba la epuloni.

"Kodi ine ndinabala mwana kapena chikwangwani cha boma?"

"Mwana, amayi."

"Mwana sawerengera bambo ake masiku."

Marlies anadikira kuti mayi ake alowe, anatenga mbale ija, n'kumwa supu yonse mvula ikugweramo. Mbaleyo sanaibweze. Anaiika m'galimoto.

Tsiku lotsatira, dzuwa lili pamutu, a Driek anagona tulo foni ili pachifuwa. Kenako foni inaduka. Marlies anaona Sjef akubwera pazenera. Anayang'anana. Sjef anakoka katani pang'onopang'ono mpaka kutseka, ndipo sanatuluke kudzamuuza kuti bambo awo amwalira. Marlies anaimirira. Koma ngakhale pamenepo sanawoloke. Anansi anayamba kufika kudzapepesa, onse alimi a nkhumba, aliyense ndi khola lake lomudikira madzulo. Ankamudutsa ali chiimire pangalande. Mkulu mmodzi yekha ndiye anavula chipewa.

Masiku atakwana anawoloka kamlatho m'mamawa. Pakhomo la kukhitchini panali azakhali ake, a Sjaan, atanyamula ketulo.

"Eee, mwafika adokotala? Pepani, amene munkafuna kumuona uja sanathe kudikira. Koma nkhumba zonse zadzuka bwino, zikuti zikomo."

"Azakhali, mukanandiuza kuti kachilombo kamadziwa kuti pano pali wodwala, ndikanalowa. Ndipatseni njira."

A Sjaan anapatuka. Pabalaza Marlies anakhala pambali pa bambo ake n'kugwira dzanja lija. Linali lozizira, zikhadabo zowengedwa bwino kuposa mmene anazionerapo. Analigwira nthawi yaitali. A Nel anamubweretsera khofi, anamuika patebulo n'kuchokapo, koma sanaiwale kuti Marlies sathira shuga.

Mpaka lero nkhaniyi ikabuka kusitolo ya buledi, anthu amagawikana. Ena amati mtima wake ndi mwala. Ena amakhala chete, ndipo amenewo kawirikawiri ndi aja anaonapo khola lawo likutsukidwa lopanda kanthu.

Tsiku la maliro Sjef anali atasankha kale onyamula bokosi: iye mwini, mwana wake wamkulu ndi anansi. Mlongo wake sanamuwerengere. Atsala pang'ono kunyamula, Marlies anachoka pamene panaima azimayi, anadutsa pakati pa anthu, n'kukaima kutsogolo, pachogwirira chimene Sjef anali atagwira kale.

"Sunthani, achimwene."

"Malo akwana."

"Pangalande ndinaima chifukwa cha khola lanu. Pano ndaima chifukwa cha bambo anga. Sunthani."

Wansembe anayang'ana m'buku lake. A Sjaan anatsegula pakamwa, a Nel n'kuwagwira mkono. Sjef anamuyang'ana mlongo wakeyo, kenako anasunthira chogwirira cha m'mbuyo, mnansi mmodzi n'kupatuka. Marlies anagwira, anawerama pamodzi ndi amunawo, bokosi linanyamuka. Linkapendekera mbali yake chifukwa iye ndi wamfupi, koma sanalole munthu kumulandira mpaka kutchalitchi.