Mawu onong'oneza apongozi

Shopu yanga inali pa Mkanda, kachipinda kamodzi koyang'anizana ndi chigayo. Ndinkagulitsa mbewu za m'mapaketi, chimanga, soya, tomato ndi repu, komanso makasu, mankhwala a mbozi ndi zingwe zosokera fodya. Inali yaing'ono moti kasitomala wonenepa akalowa, mwini wakene ndinkayamba ndatuluka, koma inali yanga. Ndinaiyamba ndi mtedza umene ndinalima ndekha, ndipo kiyi wake ndinkayenda naye pakhosi, pa kachingwe.

Nthawi imeneyo mafoni a m'manja anali atangofika kumene kwathu, netiweki tinkachita kukaisaka pachulu. Chaka cham'mbuyo mwake mbewu zinanditsalira zambiri. Mbewu si sopo. Nyengo yodzala ikadutsa, zimasanduka chakudya cha anankafumbwe. Amuna anga, amene ankayendetsa thiraki yodutsa paboda kupita ku Chipata, anaziona zimenezo ndipo sanazungulire. Anati zikatsalanso chaka chino shopu titseka, ine ndikakhale nawo kuboda kumene ankachita lendi. Sanali munthu wankhanza, anali atangotopa ndi chakudya cha m'malesitilanti. Koma ndikaganiza zokakhala pakhonde tsiku lonse kumayang'ana mathiraki akudutsa, mtima unkandiwawa kwambiri.

Nzeru ndinakaitola kuboma. Msuweni wanga wina ankagwira ntchito pamalo pamene anthu ankalipira kuti agwiritse ntchito intaneti. Tsiku lina ndikudikira minibasi, anandikokera pakompyuta n'kundionetsa sitolo ya alimi ya kudziko lakutali. Inalibe kauntala, inalibe chitseko. Munthu ankangosankha katundu pazithunzi, ndipo pansi pake panali kabokosi kolembamo mawu achinsinsi. Ukawalemba molondola, mtengo unkatsika pomwepo. Mawuwo eni sitolo ankapatsa makasitomala osankhika okha.

Ndinamufunsa kuti bwanji osangotsitsira aliyense. Anandiseka, amvekere ndine wakumudzi, n'kunena kuti munthu akamva kuti wasankhidwa amabwera chothamanga, ngakhale chinthucho sanachikonzekere. Ndinamuuza kuti kwa nthawi yoyamba mutu wakewo wagwira ntchito ina kupatula kunyamula chipewa.

Pa Mkanda intaneti kunalibe, koma foni ndinali nayo. Poyamba ndinaganiza zodula timapepala n'kudindapo chidindo cha shopu, koma inali nthawi ya makuponi a feteleza, pamene pepala lililonse logawidwa mosankha linkadanitsa anthu. Ndinasankha zotumiza meseji. Mawu ake anafunika akhale oti munthu sanganene mwangozi m'shopu ya mbewu, ndipo ndikuganiza choncho, kachilombo kaja kobiriwira kopinda manja kanatera pa sikelo. Basi, mawu anapezeka: chiswamphika. Meseji inati wobwera tsiku la msika n'kunong'oneza mawu amenewa kukhutu kwa wogulitsa, amutsitsira mtengo wa mbewu. Za kunong'onazo ndinazitsindika, kuti ena asamve.

Ndinatumiza kwa onse amene ndinali ndi manambala awo. Sindinakhale pansi kuganiza kuti anthuwo ndi ndani. Mafoni nthawi imeneyo ankagula ndi azibambo akagulitsa fodya, ndipo azibambo amene ine ndinkawadziwa anali alamu anga, amuna a achemwali anga ndi a ana a mayi aang'ono, onse okwatira m'mudzi mwathu.

Tsiku la msika lisanafike, mankhwala a mbozi anandithera, ndipo wopikulitsa wa kuboma anati ndikachedwa sindiwapeza. Ndinapempha amayi kuti tsiku la msikalo andikhalire pakauntala mpaka masana, ine ndithamangire kuboma. Amayi ndiwo anali aakulu pa mbumba yonse, munthu wokonda kuseka ndiponso wokonda mpando wa m'shopu kuposa mphasa yawo. Ndinawafotokozera kuti wonena chiswamphika amutsitsire, wosanena alipire mtengo wonse. Anadandaula kuti pulaizi amapereka poyera, wogula n'kuthokoza anthu akuona, nanga zobisazi n'zachiyani. Komabe anavomera. Za kukhutuzo sindinawauze, ndinkaona ngati n'zodziwikiratu.

Ndinabwerera dzuwa litapendeka, pa kabaza, katoni ili pamiyendo. Tisanafike n'komwe pachigayo ndinamva mawu a mwamuna, okweza ngati akuitana ng'ombe.

"Zikomo amayi! Chiswamphika!"

Ndinatsika njinga isanaime. Pansi pa mtengo wa mango, chapatali ndi khomo la shopu, panali alamu anga atanjuta mondondozana, zipewa zili m'manja, maso kumbali. Kwathu mkamwini sayandikira apongozi ake. Akakumana panjira amapatukira kutchire, akafuna kulankhula nawo amakhala pataliko n'kuyang'ana kwina. Tsono ine ndinali nditawalamula amuna amenewa kuti akaike pakamwa kukhutu kwa apongozi awo. Anafika, n'kupeza pakauntala pali amayi, ndipo aliyense anabwerera chambuyo mpaka pamtengo. Kutsika kwa mtengo wa mbewu ankakufuna, ulemu sakanausiya. Wamkulu wa onse, amene ankatsogolera nyimbo kutchalitchi, ndiye anayamba kuwomba m'manja n'kufuula mawuwo, enawo n'kutsatira. Katundu ankawatengera akazi awo.

Msika wonse unamva. Amayi ogulitsa usipa anafunsa kuti kwagwanji, atauzidwa anasiya malichero. Anthu a pachigayo anabwera ufa uli m'mutu. Pamene ndinkafika mzere unali utakhota kuseri kwa chigayo, aliyense akutchula kachilomboko mokweza, poganiza kuti ndiye lamulo lake. Bambo wina wa ku Zambia wogulitsa zitenje ananena kawiri, n'kufunsa ngati kunena kawiriko kulibe mbasela.

Ndinapsa mtima, sindibisa. Ndinalowa m'shopu mokankha anthu n'kuwauza amayi kuti mawuwo anali achinsinsi, oyenera kunong'ona. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, paketi ya chimanga ili m'manja.

"Iwe, umafuna akamwini anga azindipumira kukhutu? Ukanandiuza, ndikanakhala kunyumba. Tenga lumo apo uzitsegula makatoni a mbewu, uthandize."

Azimayi a pamzere anaseka mpaka ena kukhala pansi, ndipo nane mkwiyo unandithawa ndisanaugwiritse ntchito. Ndinaika katoni pansi n'kuyamba kugulitsa. Wofika aliyense ankanena mawuwo, ine n'kumutsitsira, nanga ndikanakana bwanji zomwe ndinalonjeza ndekha. Pofika madzulo mashelefu a mbewu anali mbee. Ngakhale soya amene ndinkaganiza kuti ndidzakalamba naye anapita.

Chimwemwe changa sichinakhalitse. Phindu linali lochepa, poti amene ndinafuna kuwatsitsira anali ochepa koma otsitsiridwa anali msika wonse. Amuna anga anati mbewu zisatsale, zoona, koma sananene kuti ndizigawe ngati zapamaliro. Ndinkaopa kuti akamva, adzati munthu wochita zoterezi shopu siyomuyenera. Sabata imeneyo mvula inagwa, anthu anadzala, ana a sukulu akandiona ankapinda manja ngati kachilombo kaja, ine ndikungodikira thiraki.

Amuna anga anabwera tsiku limene amayi anali atabweranso kudzakhala pampando wawo uja, poti tsopano ankadziona ngati ndi amene anaitukula shopu. Ine ndinali kuseri kwa matumba, ndikupanga zingwe m'mitolo. Ndinamva thiraki ikuima pamsewu, ndipo ndinasuzumira pampata wa chitseko. Amuna anga anayenda molunjika kushopu, ataona amayi, anaima, n'kubwerera mpaka pamtengo wa mango. Nkhani anali ataimva kale kuboda, kwa bambo wa zitenje uja. Anavula kapusi, ananjuta, anawomba m'manja, nkhope ili gwa ngati ali pamlandu.

"Zikomo amayi. Chiswamphika."

Amayi anayankha akuyang'ana kukhoma, mapewa akugwedezeka, kuti mwachedwa bambo, mbewu zinatha kalekale, tikutsitsireni chiyani.

"Palibe, amayi. Mungowauza eni shopu kuti kiyi uja asavule pakhosi. Matabwa a mashelefu ena ali m'thirakimo."

Ndinagwira kiyi wanga pachifuwa, misozi n'kutsika yokha pamitolo ya zingwe. Ndinapukuta ndi chitenje, ndinatuluka, n'kupita pamtengo paja kukawafunsa ngati adya.