Lole ya a Yusuph

A Yusuph akhala akuwotcherera zitsulo ku Chirimba kuyambira ali mnyamata, m'kashedi ka malata pafupi ndi siteji. Ntchito amaidziwa, koma mtima wawo wabwino ndi umene umandikwiyitsa ine. Ukangowatchula kuti achimwene, basi, geti akupangira pangongole.

Ndi mmene anawapezera a Hawkins a ku Machinjiri. Geti anaika, zitsulo za m'mawindo nyumba yonse anaika, ndalama osaoneka. Nkhani inafika kukhoti ndipo a Yusuph anawina, koma a Hawkins anangoti phee ngati chigamulocho chinali cha munthu wina. Masherifu anati akhoza kukalanda katundu n'kugulitsa, bola wodandaula apeze yekha galimoto. A Yusuph anapita kwa wakatapila kukakongola ndalama za lole, n'kusiya makina awo owotcherera ngati chikole. Katundu akagulitsidwa, makina abwerera. Akapanda kugulitsidwa, ntchito yathera pomwepo.

Tsiku lake anakwera lole pamodzi ndi masherifu. Atakhotera kwa a Hawkins, anapeza masamba aawisi ataikidwa pamsewu. Maliro. Mayi awo a Hawkins anali atamwalira. Masofa amene a Yusuph anadzera anali panja, atakhalapo akuluakulu a mpingo.

"Pano sitingagwire kanthu, bwana," anatero mmodzi wa masherifu. "Tidzabwera maliro akatha." Anatsika n'kukakwera kabaza.

Sungafike pamaliro n'kubwerera osakhala pansi, ndiye a Yusuph anakakhala kwa azibambo. A Hawkins anabwera, n'kugwada, n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri.

"Achimwene, Mulungu akudalitseni. Thiransipoti inatikanika, thupi tikukaika ku Phalombe. Mwatithandiza kwambiri."

Pamaso pa anthu onse aja akanati chiyani? Anangoti, "Palibe vuto."

Bokosi linakwera. Anamfedwa anakwera. Kenako azibambo anayamba kukweza masofa, ati akuluakulu akakhalepo kumudziko. Filiji nayo, ati yosungira ndiwo za pamaliro. Wailesi yakanema sindikudziwa kuti inkakalira ndani, koma inakwera itakulungidwa m'chitenje. A Yusuph anangoima n'kumayang'ana. Ndimapsa mtima nthawi zonse ndikaganiza kuti chingwe chomangira katunduyo anathandiza nawo kukoka.

Masherifu atapitanso, anapeza m'nyumba muli mbee, mwatsala mphasa ndi ndowa yobooka. Nyumbayo akuti ili m'dzina la malemu, ndipo ana ayamba kale kukanganirana. A Hawkins akadali kumudzi, ati akudikira miyambo ithe. Dalaivala wa lole nayenso akuwasakasaka a Yusuph, akufuna ya mafuta a ku Phalombe.

Wakatapila sanadikire. Masiku ano mukadutsa pa Chirimba muwapeza a Yusuph m'shedi ya munthu wina, akugwirizira chitsulo, nkhope atayang'anitsa kumbali, pamene mwini shediyo akuwotcherera ndi makina amene anali awo.