Mbalame za ku Ndamera Sizidikira Sikisi Koloko

Sabata ino ndinali kumudzi ku Ndamera, ndipo ndinapeza Malita, mwana wa achimwene anga, atakhala pakhonde maso ali psuu. Malita ali m'chaka chomaliza ku yunivesite. Anabwera ndi timakina tojambula mawu n'kutimangirira m'mitengo kunkhalango ya kuphiri, kuti adziwe mbalame zomwe zatsalamo. Aphunzitsi ake anamupatsa masiku asanu basi. Atatu anali atatha, koma timakinato tinangogwira nyenje ndi njiwa imodzi. Popanda mbalamezo panalibe choti alembe, ndipo digiri inali pachiswe.

"Zinatha, bambo aang'ono," anandiuza. "Ndingolemba kuti nkhalango inafa."

Bambo ake, a Zuze, anali chapafupi akukhomera khasu mumpini. Sukulu analekezera sitandade 3, ndipo mwana wawo akayamba za kafukufuku iwo amangokhala duu ngati ali m'tchalitchi. Tsikuli anafunsa.

"Timakina takoto timadzuka nthawi yanji?"

"Sikisi koloko, ababa. Ndi mmene analembera aphunzitsi."

A Zuze anaseka mpaka kutsokomola. "Sikisi? Okotobala uno? Mwanawe, ukufika pamsika anthu akumanga katundu!"

Kenaka anayamba kuyala nkhani yonse. Nyengo yotentha ino nkhwali ndi nthengu zimayamba kukadali mdima. Kukayamba kuyera pumbwa amalowerera, mwiyo n'kumayankhana ndi mkazi wake. Dzuwa likangotuluka zonse zimatseka pakamwa, chifukwa kutentha kwa kuno sikuseweretsa. "Mu Juni, kukazizira, zimachedwa kudzuka ngati ife. Mvula ikayandikira ndiye phokoso lake, ngakhale nang'omba amaomba ng'oma yake."

Ndinawayang'ana achimwene angawo ndipo mtima unandidzadza. Sindibisa, ndinanyada.

Bamboyu sanavalepo wotchi. Amanyamuka kupita kudimba nkhwali zikalira, n'kuweruka pamene m'mitengo mwatsala njiwa zokha. Wachita zimenezi moyo wake wonse, ndipo palibe anamuuzapo kuti amenewa ndi maphunziro.

Chigwa chathu mumachidziwa ndi chiyani, abale? Madzi osefukira, kutentha ndi mizere ya anthu odikira chimanga. Obwera ndi magalimoto amatifunsa zomwe tikusowa. Ndi angati anatifunsapo zomwe tikudziwa? Ngakhale ife amene tinapita kusukulu timabwerera kumudzi ndi pepala lolembedwa kumtunda kozizira, n'kumalikhulupirira kuposa munthu amene anabadwira pansi pa mtengowo. Malita anagona masiku atatu m'nyumba imodzi ndi yankho lake, osafunsa. Inenso, kunena zoona, sindikanafunsa.

Ndipo taganizani akanalembadi kuti nkhalango inafa. Nkhalango yakufa amailondera ndani? Owotcha makala akanangowomba m'manja.

Madzulo omwewo awiriwa anakwera phiri kukasintha nthawi ya timakinato, bambo patsogolo, mwana pambuyo. Mawa lake masana Malita anatsegula zomwe zinajambulidwa. Pakhonde panadzaza phokoso moti nkhuku zinabalalika. A Zuze ankangotchula maina, iye akulemba mothamanga.

Atamaliza, Malita anabwerera patsamba loyamba la kafukufuku wake, n'kulemba dzina la bambo ake pafupi ndi lake. Kenaka anagwada.

"Takhuta, ababa," anatero, kuthokoza m'chiyankhulo cha kwathu kuchigwa.

A Zuze anayang'ana kumbali, n'kupukuta m'maso ngati mwalowa kachitsotso. Anatola khasu lawo.

"Aphunzitsi akowo ukawauze adzabwere, ndidzawaonetsa," anatero. "Koma adzadzuke msanga."